Msilikali akavulala kapena kudwala, chithandizo chimachokera kuti?

Anthu a ku Salima timawadziwa asilikali kuposa anzathu a m'maboma ambiri. Pamsewu wochoka pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay pali MAFCO, sukulu imene asilikali a dziko lino amaphunzirirako ntchito, ndipo chakunyanja kuli gulu la asilikali odumpha m'ndege ndi maparachuti. Timawamva akuthamanga m'bandakucha akuimba, timagula nawo nsomba limodzi, ana athu amaphunzira ndi ana awo, ndipo alongo athu ambiri anakwatiwa komweko. Msilikali amene timamuona ndi wamphamvu, wa jombo zonyezimira. Wothyoka msana, wogontha khutu, wobwera ku Congo osagonanso tulo, ameneyo sitimuona kawirikawiri, chifukwa akangosiya ntchito amabwerera kwawo n'kukhala munthu wamba wodwala ngati wina aliyense.

Chithandizo cha anthu oterewa chilipo, koma sichili pamalo amodzi. China chili kuchipatala cha asilikali, china ku Lilongwe, china ku New York, china kwa a DC, china kukhothi. Ndipo pafupifupi chonse chimayendera mapepala. Banja lodziwa pepala lofunika ndi nthawi yake limalandira zake. Losadziwa limatha nsapato poyenda.

Tiyambe ndi kuchotsa ganizo lakuti msilikali amavulala ndi chipolopolo chokha. Ambiri amavulalira konkuno, kulibe nkhondo: bondo kuguluka pothamanga ndi katundu kumsana, akakolo kuthyoka potera ndi parachuti, lole kugubuduzika, makutu kufa pang'onopang'ono ndi phokoso la mfuti. Kenako pali matenda amene amagwira aliyense, monga malungo, TB, HIV, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Onsewa amalandira mankhwala mofanana, koma ikafika nkhani ya ndalama amasiyanitsidwa ndi funso limodzi: kodi vutoli labwera chifukwa cha ntchito, kapena ayi?

Maola oyamba

Msilikali akavulala ali kuno, amayambira pachipatala cha pamalo pawo pomwepo. Zipatala za asilikali zimathandizanso akazi awo ndi ana, ngakhalenso anthu a m'midzi yoyandikana nazo. Zikakula amapita kuchipatala cha boma cha Salima, ndipo zikafuna madokotala a mafupa kapena a ubongo ndi msana, ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wokwera zitunda uja. Kuyambira mu 2023 pa Kamuzu Central pali chipatala chapadera cha LION, choona za mafupa ndi maopaleshoni a mutu ndi msana. Kwa munthu wa ku Salima kapena ku Nkhotakota chimenechi chinafupikitsa ulendo umene kale unkathera ku Blantyre.

Kunja kwa dziko dongosolo lake ndi lina. Asilikali athu akhala ali kum'mawa kwa DRC kuyambira mu 2013, m'gulu lapadera la United Nations limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Bungweli lili ndi muyezo umene limautchula kuti 10-1-2. Wovulala alandire chithandizo choyamba, makamaka choletsa kutaya magazi, pasanathe mphindi 10. Afike m'manja mwa achipatala odziwa kupulumutsa moyo pasanathe ola limodzi. Akhale ali pa opaleshoni pasanathe maola awiri. Mphindi 10 zoyambazo sizidikira dokotala. Amene amamanga bala ndi mnzake amene ali naye pafupi, zipolopolo zikuuluka. Ndi mmene anafera Private Chancy Chitete mu Novembala 2018 kufupi ndi tauni ya Beni ku Congo. Anakokera pamalo obisika msilikali wa ku Tanzania amene anawomberedwa, Corporal Ali Khamis Omary, ndipo akumuthandiza chomwecho anawomberedwa iyeyo. Omary anapulumuka. Pankhondo imeneyo anafa asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa ku Tanzania, ndipo mu Meyi 2019 mkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu umene superekedwa wambawamba.

Muyezo umenewu umadalira ndege ndi misewu yotseguka. Mu Januwale 2025 zigawenga za M23 zitalanda mzinda wa Goma, bwalo la ndege linatsekeka. Asilikali atatu a Malawi anafa pa nkhondo za masiku amenewo, ndipo ovulala ndi odwala a mayiko a SADC anadikira mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti atulutsidwe pamsewu kudzera ku Rwanda. Bala lodikira mwezi wathunthu silipola ngati lochitidwa opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo kusiyana kwake amadzakusenza ndi a pabanja kwa zaka zambiri.

Pepala limene limagamula zonse

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, ndipo ndi pamene ambiri amataya ufulu wawo osadziwa.

Ngozi ikachitika pantchito, imayenera kulembedwa, ndipo ikakhala yaikulu pamakhala gulu la akuluakulu lofufuza chimene chinachitika: anali pantchito kodi, anatumidwa ndi yani, panali kusasamala kapena mowa? Pambuyo pake, munthu akalandira mankhwala koma osabwerera mwakale, amaonekera kubodi ya madokotala. Bodiyi ndi imene imanena ngati angapitirize ntchito yonse, ngati apatsidwe ntchito yopepuka monga ya muofesi kapena kusitolo, kapena ngati apumitsidwe pa zifukwa za matenda. Imanenanso kukula kwa ulumali wake. Mawu ochepa amene madokotalawo amalemba ndi amene amadzatsegula kapena kutseka khomo la chipukutamisozi.

Taganizirani mnyamata wa zaka 26 amene watera moipa podumpha ndi parachuti. Msana wachita kuti thwee, koma wadzuka, wapinda parachuti yake, waguba ndi anzake. Usiku wamwa panado. Sakupita kuchipatala, chifukwa mndandanda wa opita ku Congo ukukonzedwa, ndipo aliyense akudziwa kuti wodandauladandaula amatsala. Ulendo umenewo ndi umene umamangitsa nyumba ya malata kumudzi, ndiye ndani angautaye chifukwa cha msana? Papita zaka 10, mwendo wayamba dzanzi, sangathenso kuwerama kuti amange jombo. Bodi ikutsegula fayilo yake, ndipo mulibe chilichonse chonena za tsiku lija. Madokotala alemba zimene akuona: msana wotha, monga umathera wa mlimi kapena wa kabaza. Palibe amene wanama, koma munthuyo wataya umboni wakuti anavulalira pantchito.

N'chifukwa chake ine ndimati kulimba mtima kumene asilikali amaphunzitsidwa, kumene kumawapulumutsa kunkhondo, n'komwenso kumawasaukitsa akakalamba. Kuvulala kulikonse, ngakhale kooneka kochepa, kulembedwe tsiku lomwelo. Ndipo banja lisunge makope akeake: kabuku ka kuchipatala, zithunzi za ekisileyi, kalata yotulutsira m'chipatala, chigamulo cha bodi. Masiku ano ndi foni yokha munthu akhoza kujambula tsamba lililonse n'kutumizira m'bale wodalirika. Mafayilo amasowa m'maofesi, chiswe chimadya mapepala m'nyumba, ndipo kuno kwathu madzi osefukira salemekeza sutikesi.

Ndalama za ku United Nations

Pa ndalama zimenezi pamamveka mphekesera zambiri, choncho ndi bwino kunena mmene zimayendera. Msilikali akafa ali pantchito ya United Nations, bungweli limapereka chipukutamisozi cha madola 77,000. Mlingo umenewu unayamba mu Julayi 2018. Kale unali madola 70,000. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024 imeneyi ndi ndalama yoposa K130 miliyoni. Wolumala salandira yonseyo ayi. Amalandira gawo lake molingana ndi maperesenti a ulumali wosatha amene madokotala apeza, ndipo maperesentiwo sawerengedwa mpaka mankhwala atatha ndipo zaoneka kuti thupi lafika pamene lingafike. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wovulala amadikirira nthawi yaitali kuposa banja la womwalira.

Chachiwiri, banja silingalembere lokha ku New York. Pempho limachokera kuboma la Malawi, kudzera ku ofesi ya kazembe wathu ku United Nations, ndipo ndalama zikatuluka zimafikira kuboma kuti lipereke kwa eni ake. Ndiye pepala likhoza kuima pamalo ambiri: kugulu la msilikaliyo, kulikulu la asilikali, kuunduna, kwa kazembe, kapena ku New York komweko akafunsa lipoti lina la dokotala. Mayi wamasiye wofunsa kuti "ndalama zija zili pati?" kawirikawiri amayankhidwa kuti zikuyenda. Funso lothandiza ndi lakuti pempholo linatumizidwa tsiku liti, ndipo panopa likudikira siginecha ya ofesi iti.

Chachitatu, United Nations ikhoza kukana. Imakana ikapeza kuti imfa kapena kuvulalako kunabwera chifukwa cha kusasamala kwakukulu kapena kuswa malamulo mwadala, ndiponso ikapeza kuti matendawo munthu anachoka nawo kwawo. Apa mnyamata uja wobisa matenda kuti akwere ndege amaluzanso kachiwiri.

Ndipo si msilikali aliyense wopita ku Congo amene ali pansi pa United Nations. Gulu la SADC limene linatumizidwa mu Disembala 2023, n'kuthetsedwa mu Malichi 2025, linali la mayiko a m'chigawo chino. Anthu awiri a mudzi umodzi akhoza kuvulalira m'dera limodzi, koma njira za chipukutamisozi chawo n'kukhala zosiyana. Mkazi aliyense ayenera kudziwa kuti mwamuna wake wapita pansi pa mbendera iti.

Za penshoni sindichulutsa. Wopumitsidwa pa matenda amapuma msanga, zaka zake zautumiki zili zochepa ndipo udindo wake uli wotsika, choncho ndalama yake ya pamwezi imayambira pansi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mnzake amene adakali pantchito akhoza kukwezedwa udindo kapena kupitanso kunja. Wolumala alibe poonjezera, chonsecho ndiye wofuna thiransipoti ya kuchipatala mwezi ndi mwezi.

Akatuluka pageti

Nyumba ya kumalayini ndi ya ntchito. Ntchito ikatha, nyumba imabwezedwa, ndipo pamodzi nayo pamapita madzi a pampopi, magetsi, chipatala chapafupi, ambulansi ndi anansi omvetsa vutolo. Lole imatula katundu kwa Khombedza, kwa Ndindi kapena kwa Malengachanzi ku Nkhotakota, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo namwino, dalaivala, mlembi ndi wofunafuna chakudya amakhala munthu mmodzi, mkazi wake. Kumene kulibe mkazi amakhala mayi ake okalamba kapena mlongo wake. Popeza masiku ano kuli asilikali aakazi, nthawi zina wosamalayo ndi mwamuna, ndipo iyeyo mudzi sumuphunzitsa n'komwe ntchito yotere.

Ntchitoyo ndi yotani? Munthu wofa ziwalo chifukwa cha msana amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ayi pamatako ndi m'chiuno pamatuluka zilonda zimene zimatha kupha munthu amene chipolopolo chinamulephera. Pamphasa zilondazo zimabwera msanga. Paipi ya mkodzo imafuna ukhondo ndi kusinthidwa. Chimbudzi cha kumudzi, chokhala patali ndi khomo lopapatiza, njinga ya olumala siilowamo. Njingayonso inapangidwira simenti. Mumchenga wa ku Senga Bay kapena ku Lifuwu matayala aang'ono akutsogolo amangotitimira, ndipo amafunika anthu awiri kuti munthu afike pamsewu. Wodulidwa mwendo naye ali ndi zake. Chitsa cha mwendo chimaphwa miyezi yoyambirira, choncho mwendo wochita kupanga umene unakwana bwino mu Juni umakhala ukugwedera pofika Disembala. Kutentha kwa mu Okutobala kuno kumadzaza thukuta m'kati mwake, khungu n'kusupuka, munthu n'kuupachika pakhoma n'kubwerera kundodo.

Malo othandiza alipo. Pa Kamuzu Central komanso pachipatala chachikulu cha Mzuzu pali malo opangira miyendo ndi manja amene anayambitsidwa ndi bungwe la 500 miles. Ku Blantyre kuli Kachere, kumene ovulala msana ndi odwala sitiroko amagonekedwa n'kumachita mafizo. Bungwe la boma loona za anthu aulumali, limene tinkalidziwa kuti MACOHA ndipo tsopano ndi MACODA, limaphunzitsa ntchito zamanja. Koma onani kumene zili: Lilongwe, Mzuzu, Blantyre. Mwendo suyezedwa ulendo umodzi, mafizo sachitika kamodzi. Wolumala amalipira mipando iwiri m'minibasi, wachitatu wa gadiyani, ndipo kondakitala amafunanso ya njinga. Mabanja ambiri sasiya chithandizo chifukwa chakuti achira. Amasiya ndalama ya ulendo ikatha.

Mabala osatuluka magazi

Pali msilikali wina wobwera ndi ziwalo zonse. Anthu amamulandira ndi nthungululu, wagula njinga yamoto, wayamba kumanga. Koma mkazi wake akudziwa kuti bamboyo sagona. Amadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu, chitseko chikamenyetseka amagwa pansi, pamaliro kapena pamsika amakhala chakumapeto kuti aziona aliyense. Mwana akagwetsa mbale, ukali wake umaposa mlandu. Mowa umene kale unali wa Loweruka tsopano ndi wa tsiku lililonse, chifukwa ndi wokhawo umene umamugonetsa.

Madokotala amatchula vutoli kuti PTSD. Masabata oyamba munthu atakumana ndi zoopsa, zizindikiro zotere n'zachibadwa ndipo kwa ambiri zimatha zokha. Zikapitirira mwezi n'kuyamba kusokoneza ntchito ndi banja, ndi matenda, ndipo amachizika, makamaka pokambirana ndi akatswiri ophunzitsidwa, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Kumudzi timazimasulira mwina: ena amati mizimu ya anthu amene anawapha ikumutsata, ena amati ndi chamba, ena amati anakhwimira ndalama za ku Congo. Ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga kapena kumapemphero. Sindinyoza pemphero, ndipo abusa ndi mashehe, kuphatikizapo abusa a asilikali, nthawi zambiri ndi amene munthu wotere amayamba kuwatsegukira. Chofunika n'chakuti m'busayo adziwe pamene ayenera kunena kuti, "Bambo, tipemphere, koma mawa tipitire limodzi kuchipatala." Pachipatala cha boma pamakhala anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo, ndipo kupitirira apo kuli St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso chipatala cha Zomba Mental. Munthu akayamba kunena zakuti moyo watopa nawo, kapena kugawa katundu wake popanda chifukwa, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche bwino. Ndipo mkazi amene akumenyedwa asauzidwe kuti apirire poti bambo anaona zambiri kunkhondo. Matendawo amafotokoza chiyambi cha nkhanzazo, koma sachititsa kuti zikhale zololedwa.

Vuto la bala la mtundu uwu n'lakuti limatha kuonekera patapita zaka, munthu atapuma kale, fayilo itatsekedwa ili yoyera.

Imfa ikalowa

Maliro a msilikali amakhala aulemu: bokosi lokutidwa mbendera, lipenga, mfuti zolira m'mwamba. Mavuto amayamba anthu ovala yunifolomu atachoka.

"Mlamu, paja mapepala a malemuwa muli nawo ndinu?" amafunsa akulu ake a malemu, mwaulemu ndithu, tsiku lometa lisanafike. "Mutipatse tisunge ife, inu mutu sunakhazikike."

Mapepala amenewo asachoke m'manja. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, pamodzi ndi ena amene ankadalira malemuyo, monga makolo ake. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Izi zili choncho kaya banjalo linali la chikamwini kapena la chitengwa, kaya atsibweni anena zotani. Chuma cha munthu wosasiya wilo chimayendetsedwa kudzera ku ofesi ya Administrator General kapena kwa a DC, ndipo gawo la ana aang'ono limayenera kusungidwira anawo.

Koma chisokonezo chachikulu amachisiya ndi malemu eni ake. Mnyamata polowa usilikali ali ndi zaka 20 amalemba mayi ake kapena mchimwene wake ngati wachibale woyandikana naye. Amakwatira, amabereka ana anayi, fomu ija osaisintha. Wina ali ndi mkazi ku Salima, wina ku Zomba kumene ankagwira ntchito kale, ndi mwana ku Karonga. Ana onse ali ndi ufulu pa chuma cha bambo awo, obadwira m'banja ndi obadwira kunja omwe, koma aliyense amafunika umboni. Lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi, wa kumzikiti ndi wa kwa DC; koma anthu amene ankangokhalira limodzi amafunika khothi kuti ligamule ngati unali ukwati. Ngakhale dzina lokha limaimitsa ndalama: pachitupa cha unzika palembedwa mwina, pakalata ya ukwati mwina, kubanki mwina. Msilikali amene amapukuta mfuti yake tsiku lililonse akhozanso kupatula tsiku limodzi asananyamuke n'kukonza fomu ija, kulemba wilo pamaso pa mboni ziwiri, ndi kutengera ana ake zikalata za kubadwa.

Zinthu zikaima popanda chifukwa chomveka, pali ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma ndipo salipiritsa. Pali Legal Aid Bureau kwa amene sangakwanitse loya. Onsewa amayamba ndi kufunsa makalata, choncho dandaulo lililonse lipite molemba ndipo kope yodindidwa itsale kunyumba.

Nkhaniyi si yatsopano

Pankhondo ya chiwaya ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anamenya nkhondo ngati asilikali, ambiri a iwo m'gulu la asilikali a atsamunda la King's African Rifles (KAR), ndipo ena pafupifupi 200,000 anasenza katundu ngati atengatenga. Nkhondoyo itangoyamba, John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti amene akukafa ndi amphawi, ndipo adzasiya akazi ndi ana amasiye ali pa umphawi woopsa. Funso lake linali lomweli: akatha kumenya, adzawasamala ndani?

Yankho limene tinatengera kwa atsamunda ndi la chifundo cha anthu. Mwezi wa Novembala uliwonse timagula timaluwa tofiira ta popi, mtsogoleri wa dziko amagula koyamba, ndipo Lamulungu loyandikira pa 11 Novembala nkhata zimaikidwa pazipilala za chikumbutso ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Ndalama zake zimapita ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, ndipo ku Zomba kuli nyumba zimene munkasungidwa nkhalamba za nkhondo zikuluzikulu zija. Ntchitoyi ndi yabwino, ndipo kaluwako tizigula. Koma chopereka cha sabata imodzi sichingalipire mafizo a chaka chonse, ndipo munthu wolumala potumikira dziko sayenera kudalira kuti chaka chino anthu apatsa motani. Chimene ine ndikuona kuti chingasinthe zambiri pa mtengo wochepa ndi munthu mmodzi wodziwika dzina ndi nambala ya foni, wopatsidwa banja lililonse la wovulala kapena womwalira, woti azitsatira mapepala awo mpaka ndalama italowa, ndi kumawayenderabe lole ija itabwerera. Kuno ku Salima, kumene kuli asilikali ambiri chonchi, malo ochitira mafizo ndi okonzera miyendo yochita kupanga akanathandiza iwo pamodzi ndi anthu wamba a ku Nkhotakota, Dowa ndi Dedza ya kunyanja.

Thandizo lochokera ku Britain kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League ndi la okhawo amene anatumikira ufumu wa Britain dziko lisanalandire ufulu mu 1964 pamodzi ndi akazi awo amasiye, ndipo atsala ndi owerengeka. Gulu lalikulu la okalamba tsopano ndi la amene analowa usilikali pambuyo pake: amene analondera njanji ya Nacala ku Mozambique kuyambira mu 1987, ndi amene anachita Operation Bwezani, yolanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, mu Disembala 1993. Amene anapita ku Nacala ali ndi zaka 25 lero adutsa zaka 60, msinkhu umene mawondo, msana ndi makutu zimayamba kulipiritsa ngongole zakale. M'mbuyo mwawo mukubwera a ku Ivory Coast a mu 2011, ndi magulu onse amene akhala akusinthana ku Congo kwa zaka zoposa 10.